Chingwe cha Buluu

Pageti pa kampani ina yonyamula katundu pankadutsa anthu a mitundu iwiri: a chingwe cha buluu m'khosi ndi a chingwe chofiira. Wa buluu anali wantchito wolembedwa. Ankangogunditsa khadi lake pa kabokosi ka pakhoma, chitseko n'kumumvera. Wa chofiira anali mlendo. Ankakhala pabenchi mpaka wina wa mkati amukumbukire.

Chaka chimenecho zingwe za buluu zinkachepa. Munthu amene anachoka mumzindawu kale, malole akupanikizana pamsewu wa kumafakitale, atabwera akanafunsa kuti wamwalira ndani. Fakitale ya nsapato inasanduka tchalitchi. Ya mabulangete inasanduka tchalitchi china, cholimbana ndi choyambacho. Pomwe pankalira belu la nkhomaliro panamera udzu wofika m'chiuno.

M'mawa wina mtsikana wokonza maulendo a malole anapeza mwamuna pabenchi ija, chikwama chachikopa chili pamiyendo, chingwe chofiira chili m'khosi. Madalaivala ankamutcha mtsikanayu Mayi Malole, ngakhale anali wosakwatiwa ndiponso wopanda mwana. Ana ake anali malolewo. Ankadziwa lomwe limatsokomola pachitunda, lomwe limamwa mafuta ngati chidakwa, komanso dalaivala amene sayenera kupatsidwa njira yodutsa kwa mkazi wake wachiwiri.

"Pepani achemwali," anatero mwamunayo akuimirira. "Kumwamba kuno mumalowa bwanji? Ndadikira mpaka benchi yayamba kundizolowera."

"Ngati mwabwera kudzafuna ntchito, musadzivute achimwene. Analetsa kulemba anthu. Pokhapokha wina asiye yekha, m'pamene amaika wina pampando wakewo. Ndiye chaka chino angasiye ndani?"

"Ine kufuna ntchito?" Anaseka, koma ndi mbali imodzi yokha ya pakamwa. "Ntchito ndi imene imandifuna ine. Ndine mlangizi woima pandekha. Ndabwera kudzakuikirani pulogalamu ya pakompyuta yolondolera malole. Bwana wanga ndi uyu." Anasisita chikwama chija.

Mayi Malole anagunditsa khadi lake, chitseko n'kutseguka. Polowa, mlendoyo sanamuyang'ane kumaso kapena kumiyendo monga amachitira amuna ena. Anayang'ana chingwe cha buluu chija, mpaka anameza malovu.

Koma ndiye munthu waulemu! Anatero mumtima mtsikanayo.

Madalaivala sanachedwe kumupatsa dzina mlendoyo. Anamutcha Achikwama.

Anamupatsa kampando pafupi ndi desiki ya Mayi Malole, poti pulogalamuyo inkayenera kuphunzira ntchito yake.

"Mundiuze zonse zili m'mutumo," anatero Achikwama. "Kompyuta ndi mbuli, imadikira anthu anzeru ngati inu."

Ndani anayamba wamufunsapo zimenezi? Kunyumba akangoyamba za malole, anthu ankayasamula. Koma uyu ankamvetsera ngati akumva nyimbo. Mlatho uti umamira mvula ikagwa? Kasitomala uti amakalipa koma amalipira? Dalaivala wokwiya mumamuyankhula bwanji? Mtsikanayo ankafotokoza, maso akuwala, mwamunayo akugwedeza mutu.

Pa nkhomaliro Achikwama ankati adya kale. Akawakakamiza buledi, ankatafunira mbali imodzi, pang'onopang'ono, dzanja lili patsaya.

"Dzino limenelo bwanji osakaonetsa kwa dokotala?"

"Nthawi, mayi, nthawi! Makasitomala sandipatsa mpata wopuma."

Foni yawo inali pomwepo padesiki. Inkangogona ngati mwala.

Uthenga woyamba wa Achikwama unabwera pafoni ya mtsikanayo Loweruka masana.

"Mbalame yanga, lero sindikuona, ndiye dzuwa latulukiranji?"

Mayi Malole anawerenga, n'kuwerenganso, mpaka madzi amene ankaphitsa anaphwa m'ketulo.

"Mbalame ndine? Ya mtundu wanji?" anayankha.

"Yokongola, yoimba bwino, koma anaitsekera m'khola n'kuimanga kachingwe m'khosi. Ine ndabwera kudzatsegula chitseko."

Chinayamba choncho. Madzulo akaweruka ankayenda limodzi mpaka pokwerera basi, n'kumazisiya basizo zizipita. Ankadutsa m'munsi mwa nyumba yakale yoonetseramo mafilimu, imene tsopano ankagulitsiramo matayala otha. "Inu" uja anasungunuka n'kukhala "iwe".

"Wapamtima, ukudziwa kuti nzeru zakozo ukuzigulitsa motchipa?" anatero Achikwama tsiku lina. "Iwowa amakugula mwezi wonse ndi mtengo wa tsiku limodzi. Tiye tikhale awiri. Iwe malole, ine makompyuta. Tizidzuka nthawi imene tafuna, tizikana amene watinyansa."

"Nanga ntchito zake zimapezeka? Makampani akutsekatu."

"Nthawi ya mavuto ndi nthawi yathu! Akachotsa antchito, ntchito yomweyo amaitanira mlangizi. Ndikuuze chinsinsi cha ulangizi? Sukhuthula thumba lonse. Umawapatsa pang'ono lero kuti mawa akuitanenso. Ukawapatsa zonse, wadzichotsa wekha."

Mtsikanayo anaseka. "Nanga ine ndakukhuthulira zonse bwanji?"

"Iwe ndi ine si ntchito," anatero akumugwira dzanja. "Ndi chikondi."

Chala chake chinakwera mpaka pakhosi pa mtsikanayo, n'kuyamba kuseweretsa chingwe chija.

Kunyumba, Mayi Malole ankakhala ndi bambo ake okha. Mkuluyu anagwira ntchito kufakitale ya nsapato kuyambira ali mnyamata mpaka tsiku limene anaikapo loko. Anachokako ndi wotchi ya pakhoma ndi matenda a shuga. Mankhwala awo ankachokera pa khadi la kuchipatala la kuntchito kwa mwana wawo. Chingwe cha buluu chija chinkagwira anthu awiri.

Lamulungu lina Achikwama anabwera kudzawaona. Anagwada bwinobwino popereka moni, n'kuyamikira wotchi ija. Anayankhula za ufulu, za anthu a kunja amene amagwira ntchito atavala zogonera. Mkulu uja anangomvetsera.

Mlendo atapita, anaitana mwana wake.

"Mwana wanga, munthu ameneyu akadwala amakapempha tchuthi kwa ndani?"

"Sapempha kwa munthu, bambo. Ndiye ubwino wakewo."

"Oo. Nanga foni ya munthu wofunidwa chonchi, masana onsewa osalirako olo kamodzi?"

"Lero ndi Lamulungu, bambo."

"Ndi Lamulungudi," anatero mkuluyo, n'kutembenukira ku wotchi yake.

Kuntchito zinthu zinkaipiraipira. Anayamba ndi kuchotsa mkaka wa mu tiyi. Kenako shuga. Kenako anazimitsa theka la magetsi a m'khonde, moti anthu ankadutsana ngati mizukwa. Wa pamalo olandirira alendo anaitanidwa ku ofesi ya pamwamba, ndipo anatsikako atanyamula katoni. Aliyense akamva foni ya padesiki ikulira, ankakumbukira katoni ija.

Ntchito ya Achikwama nayo inkafika kumapeto. Pulogalamu inali itaikidwa. Tsaya lawo linali litatupa pang'ono.

Tsiku lina anamukokera mtsikanayo kuseri kwa malole, komwe kunkanunkha dizilo ndi mphira.

"Ndikuuze kapena ndisakuuze?" ananong'ona. "Ine ndimalowa m'maofesi a mabwana, ndimamva zimene amakambirana. Akuti kompyuta ikangoyamba kuyenda bwino, mpando wako sudzafunikanso."

Mayi Malole anatsamira tayala.

"Ine? Ndi zonse ndawachitirazi?"

"Ukufuna utsike masitepe aja ndi katoni, madalaivala akukuonerera? Choka wekha asanakukankhe, mbalame yanga. Ndili ndi makasitomala amene akudikira munthu ngati iwe."

"Nanga mankhwala a bambo?"

Anamugwira mapewa onse awiri.

"Tandiyang'ana. Bambo ako ndi bambo anga. Ndikulonjeza, sadzagonapo osamwa mankhwala ine ndili moyo. Ntchito yoyamba ikangolowa, ndikuveka mphete. Koma kumwambako usakawauze chifukwa chake. Akakunyengerera kuti ukhale, kenako adzakutaye pa nthawi yawo."

Kodi mtsikana wopenga ndi chikondi akanafunsanso chiyani?

Mayi oona za antchito anali munthu wamkulu, wa magalasi olendewera pamphuno. Atamva kuti mtsikanayo akusiya ntchito, anavula magalasiwo.

"Mwana iwe, chaka chino? Anzako akugwira mipando ndi mano, iwe ukuusiya wekha?"

"Ndapeza zabwino, mayi."

"Wina wakulakwira? Tandiuza."

"Ayi, mayi. Ndangofuna kuima pandekha."

"Ukudziwa kuti wosiya yekha sapatsidwa kanthu? Ndipo khadi la kuchipatala la bambo ako likuthera pomwepa?"

"Ndikudziwa, mayi."

Tsiku lomaliza anavula chingwe cha buluu n'kuchiika patebulo. M'khosi munachita kuzizira. Madalaivala anamuimbira mahutala mpaka pageti, ndipo iye anagwetsa misozi akuseka. Foni inanjenjemera m'thumba.

"Wauluka, mbalame yanga! Lero ndi tsiku lako lobadwa lenileni!"

M'malo mwa mphete, Achikwama anabweretsa kabokosi ka timakadi todziwitsa anthu za ntchito yawo. Tinali tokongola, ta zilembo zagolide. Mayi Malole anakapsompsona kamodzi. Anasuntha tebulo la pabalaza kuliika pawindo, pansi pa wotchi ya bambo ake, n'kunena kuti iyi ndi ofesi.

Kenako anayamba kudziwa mabenchi a mumzindawo. Anadziwa yomwe ili ndi msomali, ndi yomwe imawombedwa ndi dzuwa masana. Paliponse ankamuveka chingwe chofiira, n'kumuuza mawu omwe aja amene iye ankauza ena.

"Siyani kakhadi kanuko, tikuimbirani."

Palibe anaimba.

"Makasitomala aja ali kuti, wokondedwa?" analemba.

"Ndapita kunja kwa mzinda kukamaliza zokambirana. Pirira pang'ono, mbalame yanga."

Patapita masiku: "Ubwera liti? Mankhwala a bambo atsala pang'ono kutha."

"Ndili pamsonkhano."

Patapita masiku ena: "Ukadali moyo?"

"Eya."

Mauthenga amene kale ankadzaza foni anafota mpaka kutsala liwu limodzi. "Mbalame" uja anathawamo. Bambo ake anayamba kudula mapiritsi pakati ndi mpeni, poganiza kuti mwana wawo sakuona. Ankamwa madzi pafupipafupi, ndipo akaimirira ankayamba agwira khoma.

"Bambo, mukudula mankhwala?"

"Ndi akuluakulu, amandikakamira pakhosi," anatero osamuyang'ana. Sananene kuti ndinakuuza. Bola akananena!

Lachiwiri lina m'mawa foni inalira. Mayi Malole anatsala pang'ono kuigwetsa. Anali mayi oona za antchito aja.

"Mwana wanga, paja unati ndiwe mlangizi tsopano? Tili pamoto kuno. Amene tinamuika pampando wako zikumuvuta. Malole ena atsakamira kutsidya kwa mlatho, madalaivala sakumumvera, kasitomala wamkulu uja akuopseza kuti atisiya. Bwera udzamuphunzitse. Tizikulipira pa tsiku, monga timachitira ndi alangizi."

Ntchito yoyamba! Anavina pabalaza, n'kukumbatira bambo ake. Nthawi yomweyo analemba:

"Wapamtima, zatheka! Andiitana kuntchito kwanga kwakale ngati mlangizi! Mphete ija uikonzeretu!"

Kwa nthawi yoyamba m'masabata ambiri, yankho linabwera asanaike foni pansi.

"Usapite."

"Chifukwa?"

"Akufuna kukunyoza. Ntchito imeneyo si ya msinkhu wako. Chonde usapite. Ndikufotokozera."

Anayang'ana mawuwo. Kenako anayang'ana kabotolo ka mankhwala kamene kanali pa shelefu. Munali mutatsala tizidutswa tokha.

Anavala nsapato.

Pageti mlonda anachita manyazi pomupatsa chingwe chofiira. Anakhala pabenchi ija. Inali yozizira. Mayi oona za antchito anatsika okha kudzamutenga, ndipo anayenda naye m'khonde la mdima lija.

"Mpaka lero sindimvetsa chimene unachokera," anatero mayiwo. "Pamene tinkachepetsa anthu, bwana ananenetsa kuti mpando wako wokha usakhudzidwe."

Mayi Malole anaima.

"Simunkafuna kundichotsa? Kompyuta ija..."

"Kompyuta ingakalipire dalaivala woledzera? Wakuuza zimenezo ndani? Mwayi wathu unali woti tsiku lomwe unachoka, madzulo ake, munthu anabwera kudzapempha mpandowo. Pomufunsa mafunso ankayankha ngati iwe amene. Milatho, makasitomala, zonse! Koma kuyankha ndi kwina, kugwira ndi kwina."

Khondelo linatalika. Ayi, sizingatheke. Mumzinda muno anthu ofuna ntchito ndi ambirimbiri. Sizingatheke!

Chitseko chinatseguka.

Pampando wake, pa kapilo kamene anasoka yekha, panakhala Achikwama. Chikwama chija chinali pansi pa desiki, chafumbi. M'khosi mwawo munali chingwe cha buluu.

"Paja mukudziwana kale," anatero mayi aja. "Ndikusiyeni mugwire ntchito." Anatseka chitseko.

Kunja lole lina linkalira pobwerera m'mbuyo.

"Mbalame yanga..."

"Kunja kwa mzinda n'kuno?"

"Tamvera kaye. Ndinachitira ife. Awiri tonse osalandira malipiro tikanadya chiyani? Mmodzi ankayenera kukhala mkati."

"Mmodzi anali kale mkati!"

Achikwama anayesa kumwetulira, ndipo apa m'pamene mtsikanayo anaona. Ankamwetulira ndi mbali zonse ziwiri. Tsaya linali litaphwa. Dzino lija linali litakonzedwa, loyera bwino.

"Dzino lapola," anatero Mayi Malole motsitsa mawu.

Dzanja la mwamunayo linathamangira patsaya.

"Khadi la kuchipatala la pano ndi labwino, eti? Sachedwa nalo. Bambo anga akudula mapiritsi ndi mpeni."

"Iwe sukudziwa!" anatero Achikwama. "Sukudziwa kudzuka m'mawa wopanda kopita, n'kuvala tayi kuti anansi asadziwe. Chaka chonse ntchito inali imodzi yomwe ija. Dzino linkandiliza ngati mwana. Makasitomala kunalibe, kulibe, sadzabweranso! Ufulu umenewo ndi njala yovala jekete. Ndinatopa nawo."

"Ndiye unaupereka kwa ine."

"Koma chikondi chokha sindinaname. Tikwatirane. Ndikulembetsa pa khadi langa ngati mkazi wanga, mawa lomwe."

"Nanga bambo anga? Khadi limeneli limalola apongozi?"

Achikwama anayang'ana pansi. Onse awiri ankadziwa yankho. Ndi iye mwini Mayi Malole amene anawafotokozera malamulo a khadilo, tsiku lina madzulo pokwerera basi, atatsamira paphewa pawo.

Misozi inafika, yotentha. Anafuna kukuwa kuti kampani yonse imve. Anafuna kukoka chingwe cha buluucho mpaka chiduke, kapena kutuluka n'kumenyetsa chitseko, osadzapondanso pamalopo. Koma akatuluka apita kuti? Ku benchi iti? Kunyumba kunali kabotolo ka tizidutswa, ndi mkulu wogwira khoma.

Foni ya padesiki inayamba kulira. Achikwama anaiyang'ana ngati njoka.

"Ndi madalaivala a kumlatho aja," ananong'ona. "Akangomva mawu anga amadula. Akandichotsa pano ndathera pomwepo. Chonde, wapamtima, ndiuze zonse zimene ndikuyenera kuchita. Zonse."

Mayi Malole anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. Anakoka kampando kaja, komwe kaja ankakhalira mlendo, n'kukhala pansi. Anawongola chingwe chofiira pachifuwa pake. Ananyamula foni, n'kuyankhula mawu ochepa okha. Kutsidya kunamveka chisangalalo: "Mayi Malole! Mwabwera?" Posakhalitsa injini zinayamba kulira mufonimo.

Anabwezera foni pamalo pake.

"Wawauza chiyani? Njira yake ndi iti? Tandionetsa pamapu."

"Za lero zatha, bwana. Malole anu akuyenda."

"Bwana? Ukunditchula bwana? Nanga mawa akatsakamiranso?"

Mtsikanayo anatsegula kachikwama kake, n'kutulutsa kakhadi kamodzi ka zilembo zagolide. Anakaika padesiki, patsogolo pa mwamunayo, n'kukakankha ndi chala chimodzi.

"Mawa mudzandiitanenso," anatero. "Ndinaphunzitsidwa ndi katswiri. Thumba sindikhuthula."